Chitetezo cha Wapolisi Chikhale ndi Malire

Wapolisi wa ku Chitipa akatumidwa kukabalalitsa khamu lokwiya, amanyamula chibonga, utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo zamphira. Zida zimenezi anazipanga kuti pasafe munthu, komabe zimavulaza, ndipo nthawi zina zimapha. Tsono munthu akavulala, mlandu ugwere yani?

Dziko lino linaona kale zimene mfuti imachita pakhamu. Mu February 1959, Chitipa akutchedwa Fort Hill, anthu analanda bwalo la ndege. Pa 3 March Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'dziko lonse. Mu July 2011 anthu ena 20 anafa pa zionetsero.

Chifukwa chake nkoyenera kuti wapolisi amene wasiya mfuti natenga chida chochepa mphamvu, atachenjeza khamu ndi kutsata lamulo, asazengedwe mlandu payekha. Chipukutamisozi chichokere ku Boma limene linamtuma. Pakuti woopa kulipira za m'thumba mwake amazengereza kufikira zinthu zitaipa, ndipo pamenepo imalira ndi mfuti.

Koma chitetezocho chikhale ndi malire. Woponya utsi m'kalasi kapena m'chipatala, ndi wolunjika chipolopolo champhira kumutu kwa munthu, ayankhe yekha pabwalo la milandu. Lamulo la Apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo okhudza apolisi. Boma lilipatse ndalama ndi antchito okwanira, kuti mlimi wa ku Misuku kapena ku Nthalire amvedwe kwao komweko, osayamba wagulitsa mbuzi kuti akafike ku Lilongwe.