Bawo, Njuga ndi Zimene Zili M'manja Mwathu

Akhristu anzathu, mawu akuti mwayi ndi tsoka sachoka pakamwa pathu. Mnansi akadzaza nkhokwe timati ndi wamwayi. Mwana akalephera mayeso timati tsoka lamugwera. Ndi mawu awiriwa timafunditsa zinthu zosiyana kwambiri, zina zochokera ku manja athu, zina zoti munthu sangazisinthe. Ife tikuona kuti mavuto ambiri a m'mabanja mwathu amayamba tikasokoneza ziwirizi: ntchito imene Mulungu anatisiyira timaitcha tsoka, ndipo zimene anadzisungira Iye mwini timafuna kuzigwira ndi mankhwala kapena ndi ndalama. Masewera amene timawaona pansi pa mitengo ndi m'misika angatithandize kuzilekanitsa.

Tiyambe ndi bawo. Thabwa lake lili ndi mizere 4 ya mabowo 8, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo zake ndi 64. Ntchuwa imene ana amakumba pansi n'kumaseweretsa timiyala ndi ya mtundu womwewo. M'masewera amenewa mulibe chobisika. Nkhomo zako mnzako akuziona, zake iwenso ukuziona. Mkulu amene amadya anzake onse pabwalo sanatemere mankhwala. Amawerenga mumtima pamene nkhomo yomaliza ikagwere asanatambasule dzanja. Wogonja akanena kuti linali tsoka, oonerera amamuseka, chifukwa onse aona pamene anafulumira.

Mbali yaikulu ya moyo wathu ndi yotere. Kusankha mbewu ndi kuisunga pouma, kukonza manyowa mvula isanagwe, kupalira udzu usanapitirire chimanga, kugoneka ana m'masikito, kuthamangira nawo kuchipatala thupi likangotentha: zonsezi ndi nkhomo zoonekera. Ndalama za mbatata zimene tagulitsa pa Ulongwe kapena ku Tsangano zikatha mwezi usanathe, kawirikawiri tingathe kuloza bowo lililonse limene zinagweramo. Katekisimu wa Eklezia Katolika, m'ndime 306 ndi 307, amaphunzitsa kuti Mulungu, ngakhale ali Mwini zonse, anapatsa anthu ulemu woti azichita zinthu iwo eni ndi kugwira naye ntchito. M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, wantchito uja anadzudzulidwa chifukwa chokwirira chuma cha mbuye wake pansi. Kunena kuti "zinalembedwa kale" pa chinthu chimene tikanachikonza ndi khasu ndiko kukwirira talente, ngakhale mawuwo amveke ngati a munthu wachikhulupiriro.

Njuga ili kumbali inayo. Kachidutswa ka madontho kamene amaponya pa ludo kali ndi mbali 6, ndipo sikakumbukira kanthu. Mbali ya madontho 6 ikapanda kutuluka kakhumi, mwayi woti ituluke ulendo wotsatira ndi womwe uja: umodzi mwa 6. Woponya ndiye amene amakumbukira, ndipo mtima wake umamunamiza kuti tsopano yayandikira. Bodza limeneli ndilo likudya mabanja kudzera m'mafoni. Kale wotchova njuga ankakhala kuseri kwa msika, ndipo akazi ake ankamva tsiku lomwelo. Lero mnyamata amagona pamphasa, foni m'manja, kuyang'ana kandege kakukwera pagalasi, kuyembekeza kuti achotse ndalama kasanathawe. Amayamba ndi mametikali 20. Pofika m'mawa za feteleza zapita. Amene anakonza masewerawo anawerenga kale, monga amawerengera mkulu wa bawo, kuti pa zonse zimene anthu aponyamo gawo lina lizitsala kwa iye. Akapambana mmodzi mudzi wonse umamva, koma makumi amene adyedwa amakhala chete ndi manyazi.

Eklezia sanena kuti masewera a mwayi ndi tchimo mwa iwo okha. Ndime 2413 ya Katekisimu imati amaipa pamene alanda munthu zimene iye ndi a m'nyumba mwake akufunika kuti akhale ndi moyo, ndiponso imachenjeza kuti chilakolako cha njuga chingasanduke ukapolo woopsa. Muyeso wake ndi wapafupi: kodi ndalama imeneyi ikapita, mwana agona ndi njala? Kodi ndingauze mkazi wanga kapena mwamuna wanga kumene yapita?

Munthu akazindikira kuti mwayi sumumvera, amayesa kuugula. Timaona osewera mpira akukwirira zithumwa pagolo, ochita malonda akupita kwa sing'anga kuti akokere ogula. Ndime 2116 ndi 2117 zimakana kuwombeza ndi matsenga, chifukwa kumeneko ndi kufuna kulanda ulamuliro umene uli wa Mulungu yekha. Choipa koposa chimadza pamaliro. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mtima wosweka umakana kuti imfa ingabwere popanda woituma, ndipo chala chimaloza gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Banja limene linataya mmodzi limatayanso wachiwiri. Tikumbukire asilikali a pa Kalvario, amene Yohane akutiuza m'mutu 19 kuti anachita maere pa mkanjo wa Ambuye. Maso awo anali pansi, pa maere, pamene Mpulumutsi anali kufa pamwamba pa mitu yawo.

Wina angafunse kuti: nanga Atumwi sanachite maere posankha Matiyasi? Anachitadi, koma tione ndondomeko yake m'mutu woyamba wa Ntchito za Atumwi. Petulo anayamba wafotokoza munthu woyenera: amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene Ambuye anakwera kumwamba. Kenaka anapatula amuna awiri okwanira muyesowo, napemphera, ndipo maere anadza pomaliza. Anagwira ntchito yonse imene nzeru za munthu zikanatha, nasiyira Mulungu chotsalacho. Panalibe amene anabwerera kwawo atadyedwa chuma.

Ndondomeko imeneyi ikutifikitsa ku masewera achitatu, amene akufanana kwambiri ndi moyo. Mu sueca, makhadi ndi 40, osewera ndi anayi, aliyense amalandira 10, ndipo awiriawiri amakhala mbali imodzi moyang'anizana. Palibe amene amasankha makhadi ake. Komabe amene amasewera kawirikawiri amadziwa kuti makhadi abwino m'manja mwa munthu wopupuluma amatayika, ndipo wodekha, wokumbukira zimene zatuluka kale, amapulumutsa kanthu ngakhale ndi makhadi ofooka.

Nafenso tinalandira zambiri osafunsidwa: banja lobadwiramo, thupi lolimba kapena lodwaladwala, nthaka ya kwathu, nyengo. Palibe mlimi amene anaitana namondwe Ana, amene mu Januwale 2022 anagwetsa mlatho wa pa Revubwe pakati pa Tete ndi Moatize, kapena chilala cha 2024. Makolo athu sanasankhe nkhondo imene inawathamangitsira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera napeza minda yasanduka tchire, nyumba zili mabwinja. Analira, pakuti panali polirira. Koma anadziwa kuti madzi akatayika saoleka. Anasula makasu, nafolera matchalitchi ndi udzu, nayambanso. Kuvomereza kwachikhristu ndi kumeneko: kuleka kukangana ndi makhadi amene ali kale m'manja, kuti nzeru zonse zipite pa kasewereredwe kake. Akale anati ukaipa dziwa nyimbo.

Pano tiyenera kuchenjera, chifukwa mawu akuti "vomerezani" akhala akugwiritsidwa ntchito potseka pakamwa amphawi. Si makhadi onse oipa amene amadza okha. Ena amabwera chifukwa wogawa wabera. Wogula mbewu amene sikelo yake ndi yonama, wogwira ntchito ya boma amene amafuna kangachepe asanathandize wodwala, achibale amene amalanda munda wa mayi wamasiye: zimenezi si mtanda woti tiusenze mwakachetechete. Ndime yomwe ija ya njuga imatsutsanso kubera pamasewera. Osewera akaona khadi lobisidwa m'malaya amaimitsa masewera, ndipo mphakati wathu uyenera kuchita chimodzimodzi, poyera ndi mwamtendere.

Ngakhale pa zimene sizingasinthike, kuvomereza sikutanthauza kuuma mtima. M'munda wa Getsemani Ambuye anayamba apempha kuti chikho chiwapitirire, ndipo atatero ndi pamene anadzipereka ku chifuniro cha Atate. Mayi amene wathamanga ndi mwana kuchipatala, wagula mankhwala, wachezera usiku kupemphera, koma mwanayo n'kupita, alibe mlandu, ndipo sayenera kufunafuna wina woti amusenzetse mlanduwo. Ayenera kuloledwa kulira, ndipo ife tikhale naye pafupi.

Fanizo lililonse lili ndi malire ake. Wogawa makhadi sadziwa chimene akupereka ndipo sizimukhudza, koma Mulungu ndi Atate amene amatidziwa ndi dzina. Sakhala tsidya lina la thabwa kudikira kuti tilakwitse atidye. Ngati tingamupezere malo m'masewerawa, ndi pa mpando wa mnzathu wa mbali imodzi, amene salankhula mokweza koma akusewera motipulumutsa. Ndipo monga mu sueca wa makhadi amphamvu amaphimba mnzake wofooka, banja limene lakolola bwino chaka chino lalandira zambiri kuti la mnansi lisagone ndi njala.

Choncho tikupempha makolo kuti vuto likagwa m'nyumba, musanatchule tsoka kapena ufiti, khalani pansi ndi kufunsana: pa nkhani imeneyi, nkhomo zathu ndi ziti? Zimenezo ziwerengedwe ndi kuseweredwa lero lomwe. Zotsalazo tizipereke kwa Mulungu m'pemphero la madzulo, ndipo tigone. Ana athunso tiwaphunzitse bawo asanaphunzitsidwe kandege ndi anzawo. Pathabwa paja adzaphunzira kuwerenga asanagwire, kugonja popanda kutukwana, ndi kubwezera nkhomo m'mabowo kuti masewera ayambenso.