Zobwereza zina n'zopatsa kompyuta, zina n'zosunga m'thupi

Jigoro Kano anali mnyamata wochepa thupi, ndipo anzake kusukulu ku Tokyo ankamuvutitsa. Mu 1877 anayamba kuphunzira jujutsu, luso lakale la ku Japan lolimbana popanda zida, kwa mphunzitsi Fukuda Hachinosuke. Kumeneko kunali wophunzira wina wamkulu, Fukushima Kanekichi, amene Kano ankalephera kumugwetsa. Anayesa njira za sumo, koma sizinaphule kanthu. Kenako anapeza buku lofotokoza kalimbanidwe ka azungu, ndipo m'menemo anaonamo njira yonyamula munthu pamapewa n'kumuponya pansi. Ataiyesa pa Fukushima, mkuluyo anagwa. Njirayo imatchedwa kata guruma, ndipo ikuphunzitsidwabe mu judo, masewera amene Kano anadzayambitsa.

Mu 1882, ali ndi zaka 21, Kano anatsegula sukulu yake ya Kodokan pa kachisi wa Eishoji, m'chipinda cha mikeka 12 yokha. Njira zoopsa anazipatula pa masewera a tsiku ndi tsiku kuti ophunzira azilimbana ndi mphamvu zawo zonse popanda kuvulazana. Mfundo yake yaikulu inali yakuti munthu agwiritse bwino ntchito mphamvu za thupi ndi za maganizo, osazitaya pachabe. Iye anali mphunzitsi weniweni: anatsogolera koleji yophunzitsa aphunzitsi ku Tokyo kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 1909 anakhala munthu woyamba wa ku Asia kulowa m'komiti yaikulu ya Olimpiki. Judo inaseweredwa koyamba pa Olimpiki mu 1964.

Wophunzira watsopano wa judo sayamba ndi kugwetsa anzake. Amayamba ndi kugwa. Chibwano amachitsamiritsa pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi, msana amaupinda, ndipo dzanja limamenya mkeka kuti phaa! Akazolowera, amagwira mnzake pakolala ndi pamkono wa malaya, n'kulowetsa phazi, kutembenuza chiuno, kubwerera, kulowanso, kambirimbiri popanda kumugwetsa. Thukuta limatsika, zala zimawawa. Kubwereza kumeneku palibe angakuchitire mnzake, chifukwa ndi komwe kumaphunzitsa miyendo kuyenda yokha pa nthawi imene mutu ulibe mpata woganiza.

Koma pali kubwereza kwina kumene sikukulitsa munthu m'pang'ono pomwe. Kalaliki wa pasukulu amene teremu iliyonse amakopera mayina ndi malikisi kuchoka m'fayilo ina kupita m'fayilo ina amangotha maso ndi msana. Chaka chachisanu amakopera monga ankakoperera chaka choyamba. Apa ndi pamene mfundo ya Kano imakumana ndi luso lolemba mapulogalamu a pakompyuta.

Guido van Rossum anayamba kupanga chinenero cholembera mapulogalamu cha Python mu December 1989 ku Amsterdam, ndipo anachitulutsa mu 1991. Ndi chaulere, komanso malamulo ake amawerengeka mosavuta. Mu 2015 Al Sweigart anatulutsa buku lakuti Automate the Boring Stuff with Python, lolembera anthu wamba a m'maofesi, ndipo aliyense angaliwerenge kwaulere pa intaneti. Limaphunzitsa kusintha mayina a mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi, kuwerengetsa manambala a mu Excel ndiponso kutumiza maimelo. Ntchito imene inkadya masana onse, pulogalamu ya mizere yochepa imaimaliza munthu asanamwe n'komwe tiyi.

Chosangalatsa n'chakuti wophunzira Python nayenso amayamba ndi kugwa. Akaiwala kachizindikiro kamodzi, kapena mzere ukayambira pamalo olakwika, pulogalamu imakana kugwira ntchito n'kumuuza nambala ya mzere umene wavuta. Ambiri amagwa ulesi pomwepo. Amene amapitirira ndi amene amawerenga uthengawo modekha, kubwerera m'buku, kukonza, n'kuyesanso. Kuwerenga kotereku n'kosiyana ndi kuthamangitsa masamba kuti buku lithe. Munthu amawerenga ndime imodzi, n'kuika buku pambali, kuyesa ndi manja ake zimene wawerengazo, ndipo akabwerera amamva zimene poyamba zinam'dutsa.

Maola opulumutsidwa aja ndiwo phindu lenileni, malinga ngati sakuthera pa Facebook. Ola limodzi lamadzulo limakwana kuphunzira judo kapena karate, kapena kumaliza mutu umodzi wa buku.

Chenjezo lilipo ndithu. Kompyuta imabwereza cholakwa mofulumira monga imabwerezera cholondola, ndipo malikisi a ana onse angasokonekere pa kamphindi. N'chifukwa chake kalaliki wosamala amayamba wachita ntchitoyo pamanja mpaka ataimvetsa. Akatero amakopera mafayilo ochepa pambali, kuyesa pulogalamu yake pamenepo, n'kuyerekeza zotsatira ndi zimene anawerengetsa yekha, asanaipatse kaundula wa sukulu yonse.