Madzi akuchokera kwathu kumapiri, nanga mthirira wathu uli kuti?

Alimi anzathu, tsikirani ku Mtakataka m'mwezi wa Seputembala mukaone. Kuno kumtunda minda ili gwa, koma ku sikimu ya Bwanje kuli biliwiri. Madzi amene akuthirira mahekitala 800 a sikimuyi ndi a mtsinje wa Namikokwe, ndipo amachokera kuno kumapiri kwathu.

Sitikuchitira nsanje abale athu a kwa Kachindamoto. Iwo ndiwo umboni wathu. Sikimu ya Bwanje inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutha m'chaka cha 2000. Madzi osefukira atawononga ngalande, inakonzedwanso. Madzi a chilimwe atachepa, bungwe la European Union linathandiza kumanga damu. Mlimi wa kumeneko amakolola mpunga, akachotsa n'kubzala chimanga kapena nyemba pamunda womwewo. Munda umodzi, zokolola ziwiri.

Nanga ife a ku Bembeke, kwa Kaphuka ndi ku Lobi? Mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi zomwe zimadzaza misika ya ku Lilongwe timathirira ndi makheni ndi thiredo pampu, msana uli kuphwanya. Mtsinje wa Linthipe umatidutsa n'kukataya madzi ake m'nyanja ya Malawi ife tikungoyang'ana.

Ena akuti madamu ndi odula. Tikufunsa: nanga njala ndi yotchipa? Tinaiona mu 2002, tinaionanso mu 2005. M'chaka cha 2024 chilala chinachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti agwa m'ngozi. Feteleza wa makuponi timamuyamikira, koma feteleza wothira pa dothi louma ndi ndalama zotaya.

Ena akuti kumapiri sikungatheke. Chonsecho malo otsetsereka ndiwo amayendetsa madzi okha m'ngalande, popanda injini kapena dizilo.

Choncho tikupempha Boma ndi Khonsolo ya Dedza zinthu zitatu. Choyamba, akatswiri ayeze malo omangapo madamu m'chigwa cha Linthipe ndi Diamphwe. Chachiwiri, malo akhale m'manja mwa alimi eni ake, osati kuwalanda n'kupatsa makampani. Chachitatu, misewu ndi misika zibwere pamodzi ndi ngalande, kuti phindu lisathere kwa mavenda.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tisiye kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kuotcha makala m'mapiri, chifukwa damu lodzaza mchenga silithirira munda.

Mutu umodzi susenza denga. Kalabu iliyonse ikambirane nkhaniyi, ilembe mayina a mitsinje ya kwawo, ndipo tikaitule limodzi kwa makhansala ndi aphungu athu.