Maluwa akwathu adalakwanji?

Mukazungulira ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 mwezi wa Okutobala mudzaona kuti maluwa ambiri okongoletsa nyumba za mabwana ndi obwera. Jakaranda ndi wa ku South America, bougainvillea woyanga pamipanda uja ndi wa ku Brazil. Nanga zathu zili kuti?

Ku Australia ndi ku New Zealand kuli chitsamba cha maluwa chotchedwa tea-tree, chomwe a Maori amati manuka. Dzina la tiyilo lidadza chifukwa amalinyero a Captain Cook ankawiritsa masamba ake nkumamwa. Ndi chitsamba cha kutchire basi, koma eni ake amachibzala pakhomo monyadira, ndipo uchi wa manuka umagulidwa modula m'mayiko ambiri. Ife chathu chikangomera pakhomo timati ndi tchire, nkuuza wa m'gadeni kuti azule msanga alendo asanaone.

Komatu zokongola tili nazo. Muwale umachita maluwa ofiira psuu m'chilimwe masamba atayoyoka, ndipo umaphuka ngakhale mutangozika nthambi. Mpungabwi ndi uja agogo athu ankapirikitsira udzudzu. Chidede chimakongoletsa pakhomo, chakumwa chake nkukhala chokoma. Zomera zotere zidazolowera dzuwa lathu, sizilira paipi tsiku ndi tsiku.

Apa ndiye pagona nkhani. Madzi a mumzinda uno amachokera mumtsinje wa Lilongwe, womwe gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, ija yavutika ndi makala. Kodi nchilungamo kuti madzi othira mankhwala azithera pa kapinga ndi marozi, pomwe amayi a ku Mtandire akulawirira pamzere wa zidebe kukiyosiki? Tisaiwalenso kuti chokongola chobwera chimatha kusanduka mliri. Lantana adafalikira m'mayiko ambiri ngati duwa la pakhomo, lero ndi chitsamba cholanda malo, chakupha ng'ombe zikachidya.

Sindikuti tigwetse jakaranda ayi, mthunzi wake tonse timaukonda. Ndikuti pobzala chatsopano tiyambe takumbukira chathu.

Anzathu ogulitsa mbande m'machubu m'mbali mwa misewu adzati makasitomala safunsa zakwathu. Adzafunsa bwanji chinthu chomwe sadachionepo m'chubu? Ikani mbande khumi za muwale pambali pa marozi, muuze wogula kuti ichi sichikweza bilu ya madzi, muone ngati adzachisiye.

Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, lili ndi munda wake ku City Centre konkuno. Ana asukulu, pitani mukaphunzire mayina a mitengo yanu, osangokajambulitsa zithunzi. Nyengo yobzala mitengo imayamba mu Disembala, choncho nthawi yofesa ndi chilimwe. Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Tikapitiriza kuzula zathu, zidzukulu zidzamva za muwale m'mabuku okha.