Ka plot ka pa Facebook: yambani mwaona mapepala

Niziba munajaila kunipeza pa peji ino nikamba va ma show na ba DJ, koma sabata ino nilekeniko nikambe va malo. Mulandu ni cousin wanga. Mwana uyu asebenza mu shop mu town, zaka 3 ali mu chilimba, no kumwa, no kuchinja foni. Anaona ka post pa Facebook: plot 20 by 30 ku 10 Miles, 25 pin chabe. Agent anamupeleka, anamulangiza chulu na mutengo wa mango ati malile ni aya. Ndalama inayenda pa mobile money. Mwezi watha abwela na ma blocks, apeza bamai bena bakumba kudala foundation. Nabo bali na kalata, stamp imozi na yake. Nambala ya agent manje siingena.

Musaseke. Kuchokela mu 2023 pamene NAPSA inavomeleza bantu kutengako 20 percent ya ndalama zao, aliyense mu komboni afuna kuchoka pa lenti, ndipo bakawalala baziba. Lomba imwe muli na ka ndalama m'manja, funso yoyamba si "ni zingati?" Funso ni "pepala yake ni yabwanji?"

Pa Zed palibe amene agula dothi kukhala yake mpaka kale. Lands Act ya 1995 ikamba kuti malo yonse yali m'manja mwa President, m'malo mwa ise tonse. Chamene mugula ni lease, kambili ya zaka 99, ndipo pepala yake ni Certificate of Title yochokela ku Ministry of Lands. Ngati ogulisa akuti ali na title, mupempeni nambala ya plot, muyende nayo mweka ku Lands and Deeds Registry pa Mulungushi House mukachite search. Mulipilako pang'ono, koma printout izakuuzani zina ya mwine wake, ngati nyumba inaikiwa chikole ku bank, olo ngati wina anaikapo caveat chifukwa cha mukangano. Zina yamene ili pa printout ilingane na ya pa NRC ya muntu ali pasogolo panu. Akayamba vija va "ni ya ba late daddy, ba family bonse banavomela", funsani mapepala ya ku court yoonesa kuti eve ndiye administrator. Nyumba za chisiye ndiye zamene zimadya bantu maningi: mugula kuli mwana umozi, mailo babwela bana 6 na ba lawyer.

Mu ma komboni monga Kanyama, Chawama na George nkhani ni inangu. Nyumba zambili kuja zili pa occupancy licence ya council, ya zaka 30. Si pepala yoipa, koma search yake ni ku Civic Centre, osati kuli ba chairman ba pa market. Kalata ya ba chairman, olo ikhale na stamp yaikulu bwanji, si pepala ya malo. Funsani bantu ba ku Kasompe ku Chingola: mu August 2022 council inagwesa nyumba zopitilila 300 zamene zinamangiwa pa malo ya airstrip. Bambili banalipila ndalama zao kuli muntu, banamanga mpaka malata. Bulldozer siinafunse receipt.

Manje kuja kwamene tonse tithamangila chifukwa ni kochipa, ku Chongwe na ku Chibombo, malo yambili ni ya mafumu. Apa ndiye cousin wanga anagwela. Kalata ya ba headman ni poyambila chabe. Kuti malo ya mwambo yakhale pa title, mfumu ifunika kuvomela, council ivomeleze, surveyor apime, ndiye Commissioner of Lands apase lease. Ni njila itali, ndipo ingatenge zaka. Ngati wina ali na farm ya title ndipo aidula-dula mu ma plot, funsani ngati subdivision inavomelezewa na nambala ya ka plot kanu inachoka. Ngati iyai, mwagula chabe kona ya farm ya bene, ndipo bank ikabwela kutenga farm, itenga na ka nyumba kanu.

Vina mwamusanga. Property Transfer Tax inakwela kuchoka pa 5 kufika pa 8 percent mu January 2025. Alipila ni ogulisa ku ZRA, so musalole kuti ikugweleni pa last minute musanapangane. Agent wazoona afunika kukhala olembesewa ku Zambia Institute of Estate Agents, mufunseni. Ndalama pitisani ku bank, na contract yolemba, osati cash mu motoka pa car park. Lawyer aoneka monga odula, nizibadi, koma cousin wanga anasungako ndalama ya lawyer nakutaya 25 pin.

Na ichi chamene palibe pepala izakuuzani: kaoneni plot mu January olo February. Mu September malo yonse yaoneka bwino. Mvula ikagwa ndiye muziba chifukwa chake ba neighbour banamanga foundation yofika m'chiuno. Amene anakhalako mu Kanyama ntawi ya mvula, olo akumbukila Heroes Stadium yozula na odwala cholera kuchiyambi kwa 2024, aziba chamene manzi yoimilila yachita na vimbuzi na vishima. Yendani mweka, kopanda agent, mugule ka drink pa kantemba ka pafupi, mufunse bamai bogulisa kuti plot ija ni ya ndani. Ba cousin bakanachita izi, sembe banamvela kuti ka mango kaja kanagulisiwa kale kabili.

Nkhani yake ili ku police. Ma blocks 400 yali pa yard pa ba landlord bake ku Matero, ndipo ba landlord bayamba kufunsa ngati yalipilako lenti nayo.