Galamafoni Inatha, Koma Nyimbo Zisathe

Akuluakulu a ku Chisemphere akali kukumbukira madzulo a nyengo yogulitsa fodya, pamene anthu ankasonkhana pakhonde la sitolo kumvera Jim Reeves ndi Elvis Presley. Mbale za nyimbozo zinkafika m'masutikesi a amuna obwera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo pambuyo pake wailesi ya MBC inazifalitsa m'midzi yonse.

Reeves anafa pa ngozi ya ndege pa 31 July 1964, mwezi womwewo umene dziko lathu linalandira ufulu. Anthu a kwawo sanamtaye: mu 1967 analemba dzina lake m'nyumba yolemekezera oimba ku Nashville, ndipo nyimbo zake zikumvekabe lero lino.

Sitinena kuti kulakalaka nyimbo zimenezi nkulakwa. Chingerezi ambiri sankachimva, koma anamva chisoni cha munthu wosiyana ndi kwawo, pakuti chisonicho chinali chawo chomwe. Tsono funso lathu nali: nanga oimba athu tawasunga motani? Daniel Kachamba ndi gitala wake, Alan Namoko ndi banjo yake, anapita. Enanso ambiri oimba m'maesiteti a fodya ku Kasungu anapita osajambulidwa konse.

Inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, lamya zili m'matumba mwanu. Pitani kwa okalamba akali moyo, mujambule nyimbo zawo, mulembe maina a eni ake. Fodya wotsala m'chigafa mvula itayamba sabwereranso.