Kukweza makhadi a osewera m'magemu a mpira: luso kapena msampha wa ndalama?

Mnyamata wa ku Chiputo amene ali ndi foni yolumikiza intaneti angathe lero kukhala mwini timu, mphunzitsi ndiponso wogula osewera, zonsezi ali pakhonde la kwawo. Magemu a mpira monga Dream League Soccer, eFootball ndi FC Mobile amafika kulikonse kumene netiweki yafika, ndipo kuwaika m'foni n'kwaulere. Koma chimene chimamanga mtima wa ambiri pa magemuwa si zigoli zokha ayi. Ndi makhadi: wakweza ndani, wafika naye pa mlingo wanji, ndipo walowetsapo chiyani kuti afike pamenepo.

Chiputo ndi limodzi mwa madera anayi a boma la Maravia m'chigawo cha Tete, ndipo likulu la bomali ndi Fingoe. Kumpoto bomali lachita malire ndi Zambia, kummwera kuli nyanja ya Cahora Bassa. Mabanja ambiri amadalira khasu, ndipo ndalama yooneka imabwera kamodzi pachaka, akagulitsa zokolola. Kumalo otere, funso lakuti kukweza khadi n'kwabwino kapena ayi silingayankhidwe monga angaliyankhire mwana wa ku Lisboa kapena ku London. Gemu ndi imodzimodzi, koma mtengo umene aliyense amalipira ndi wosiyana.

Mmene khadi limakwerera

Wosewera aliyense m'magemuwa amaimiridwa ndi khadi lokhala ndi dzina lake, malo amene amasewera ndi manambala osonyeza mphamvu zake. Mu Ultimate Team, gawo limene kampani ya EA Sports idayambitsa mu 2009 m'gemu ya FIFA 09, khadi limaonetsa zinthu zisanu ndi chimodzi: liwiro, kuwombera ku golo, kupatsira, kunjanja, kutchinga ndi nyonga. Pamwamba pake pamakhala nambala imodzi yomangirira zonse. Wosakwana 65 ndi wa khadi la mkuwa, kuyambira 65 mpaka 74 ndi wa siliva, 75 kupita m'tsogolo ndi wa golide.

Kwa zaka zambiri, wofuna khadi lamphamvu ankaligula pa msika wa m'gemu kapena kulipeza m'paketi yotseka. Mu 2023, EA italekana ndi bungwe la FIFA n'kutulutsa EA Sports FC 24, idabweretsa njira yotchedwa Evolutions. Umasankha wosewera wa mlingo wotsika, n'kukwaniritsa naye ntchito zimene wapatsidwa, monga kupambana masewero angapo kapena kugoletsa, ndipo manambala ake amakwera. Zina mwa njirazi n'zaulere, zina zimafuna makoini a m'gemu kapena mapointi ogula ndi ndalama zenizeni. Khadi lokwezedwa motere siligulitsidwanso pa msika.

Magemu a pa foni, amene ndiwo ofikirika kumidzi, ali ndi njira zawo. Mu eFootball ya kampani ya Konami, imene idalowa m'malo mwa gemu ya PES mu 2021, wosewera amakula akamasewera kapena akapatsidwa maphunziro, ndipo mwini timu amagawa yekha mapointi ku mbali imene akufuna kulimbitsa. Mu Dream League Soccer ya First Touch Games umalemba aphunzitsi okweza nyonga kapena luso. Mayina ndi osiyana, koma maziko ndi amodzi: ukhoza kulipira ndi nthawi, kapena kufupikitsa ulendo ndi ndalama.

Zimene oikira kumbuyo amanena

Mfundo yoyamba ndi yamphamvu, ndipo ndi bwino kuivomereza poyera. Kukweza khadi kumapatsa mpata munthu wopanda ndalama. Amene sangakwanitse kugula katswiri wodula angathe kulera wosewera wamba mpaka atayamba kuopsa. Apa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito: wopirira amapeza zimene wina wagula.

Yachiwiri ndi ya maganizo. Mnyamata amene ali ndi mapointi ochepa ayenera kusankha ngati awonjezere liwiro la wosewera wa kumphepete kapena alimbitse wotchinga kumbuyo. Ayenera kuwerengera, kusunga, kudikira, ndi kuvomereza zotsatira za chisankho chake. Amaphunzira kaimidwe ka timu, kusiyana kwa 4-3-3 ndi 4-4-2, ndi chifukwa chake osewera khumi ndi mmodzi othamanga okhaokha sapanga timu. Ambiri amatolanso mawu a Chipwitikizi ndi Chingerezi powerenga malangizo. Izi si zachabe kwa mwana amene kusukulu kwake mabuku ndi ochepa.

Yachitatu ndi ya kunyadira kwathu. Osewera a ku Mozambique amene amapezeka m'gemu ya EA ndi amene ali m'makalabu akunja. Reinildo Mandava adatenga ligi ya France ndi Lille mu 2021, adapita ku Atlético Madrid mu 2022, kenako ku Sunderland ya ku England mu 2025. Geny Catamo adatenga ligi ya Portugal ndi Sporting mu 2024 ndi 2025. Makhadi awo oyambira safanana ndi a akatswiri otchuka kwambiri padziko, choncho njira yokwezera ndiyo ingapatse mwana wa ku Tete mwayi wosunga wosewera wa kwawo m'timu yake popanda kuifooketsa. Kale yemwe ankaimira dziko lino pa makhadi apamwamba adali Eusébio, wobadwira ku Lourenço Marques mu 1942, koma iye ankasewerera Portugal. Kuona wosewera wa Mambas, timu ya dziko la Mozambique, ataima pambali pa mayina aakulu kumauza mnyamata kuti mpira wapamwamba si wa anthu a kutali okha.

Pomaliza pali chiyanjano. Kumene malo osangalalira ndi osowa, foni imodzi imasonkhanitsa anyamata angapo, kukangana za mpira ndi kuphunzitsana. Makolo ambiri angakonde zimenezi kusiyana ndi kuti mwana akakhale pa kachasu.

Zimene otsutsa amaona

Koma amene adapanga makwerero amenewa sadawapange mwachifundo. M'chaka chake cha zachuma chothera mu Malichi 2021, EA idapeza madola 1.62 biliyoni kuchokera ku Ultimate Team m'magemu ake osiyanasiyana. Ndalama zotere zimachokera kwa anthu amene adaona kuti kudikira kwatalika. Gemu imakonzedwa moti poyamba khadi limakwera msanga, mtima n'kukondwa. Kenako sitepe iliyonse imafuna zambiri kuposa yapitayo. Pamene munthu watopa koma sakufuna kusiya zimene wayamba, m'pamene sitolo ya m'gemu imamuonetsa njira yachidule, nthawi zambiri ndi wotchi yowerengera maola otsala.

Chachiwiri, makhadi atsopano amatuluka mosalekeza. Amene wamukweza mwezi uno amapitiridwa ndi wina mwezi wamawa. Mu Ultimate Team ya pa kompyuta ndi PlayStation, gemu yatsopano ikatuluka chaka chilichonse, timu yakale siitsatira. Aliyense amayambiranso pansi. Ngakhale m'magemu amene amalola kusunga osewera, khadi limakhala pa makompyuta a kampani, ndipo kampani ingathe kusintha malamulo, kutseka akaunti kapena kuthetsa gemuyo. Kukweza khadi kuli ngati kuthira manyowa m'munda wobwereka: chimanga cha chaka chino udya, koma nthaka ndi ya mwini wake, ndipo tsiku limene adzaufune sudzanyamula kanthu.

Chachitatu ndi mapaketi otseka, amene nthawi zambiri ndiwo amapereka zipangizo zokwezera. Umalipira usadadziwe chimene chili m'kati. EA itayamba kuonetsa mwayi wopeza makhadi mu 2018, ena mwa makhadi osowa adalembedwa kuti mwayi wake sukwana 1 pa 100 alionse. M'chaka chomwecho bungwe loyang'anira juga ku Belgium lidagamula kuti mabokosi otere ogula ndi ndalama ndi juga, ndipo mu Januwale 2019 EA idasiya kugulitsa mapointi ake m'dzikolo. Komabe si onse adaona choncho: mu Malichi 2022 khoti lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma ku Netherlands lidathetsa chindapusa chimene EA idapatsidwa, ponena kuti mapaketiwo ndi gawo chabe la masewero odalira luso. Malamulo akusiyana, koma chimene chimachitika mu mtima wa mwana n'chimodzi: kugunda kwa mtima paketi ikamatseguka, kukhumudwa, ndi kuganiza kuti yotsatira ndiyo ibweretse mwayi. M'nthawi ino imene kubetcha pa mpira kudzera pa foni kwafalikira, chizolowezi chimenecho chili pafupi kwambiri ndi khomo la juga yeniyeni.

Mtengo wa ku Chiputo

Apa m'pamene mbali ziwirizi ziyenera kuyezedwa ndi sikelo ya kwathu. Oikira kumbuyo amati pali njira yaulere. Ku Chiputo njira yaulere kulibe. Ntchito zambiri zokwezera khadi zimafuna intaneti, ndiye kuti mamega. Gemu imafuna kukonzedwanso pafupipafupi, ndipo nthawi iliyonse imadya mamega ena. Momwe mtengo wa intaneti umakhudzira achinyamata zidaonekera mu Meyi 2024, pamene bungwe loyang'anira za mafoni la INCM lidakhazikitsa mitengo yatsopano ya mafoni, achinyamata n'kuchita zionetsero ku Maputo, mpaka mitengoyo idaimitsidwa patangopita milungu yochepa.

Palinso moto wa foni. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi, koma magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya kutali imadalira sola. Batire imene yathera pa gemu ndi imene ikadalandira uthenga wa matenda kapena wa ndalama za pa M-Pesa ndi e-Mola, makamaka ngati banja lonse lili ndi foni imodzi. Netiweki ikadukiza pakati pa masewero, gemu imawerenga kuti wagonja, ndipo ntchito ya madzulo onse imapita pachabe. Choncho mwana wa kuno amalipira kawiri kuti afike pamene mnzake wa m'tauni amafika mosavuta.

Kugula mapointi nakonso kuli ndi zoopsa zake. Ambiri alibe khadi la banki, ndiye amakopeka ndi anthu apakati olonjeza makoini otchipa kapena akaunti yokwezedwa kale. Malamulo a magemuwa amaletsa malonda otere. Wotumiza ndalama kwa munthu wosamudziwa alibe kokadandaula, ndipo wopereka nambala yachinsinsi angataye akaunti yonse.

Ndipo pali nthawi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika vuto lokonda magemu mopitirira muyeso pa mndandanda wa matenda umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Silinena kuti aliyense wosewera ndi wodwala. Limaloza munthu amene walephera kudziletsa, amene gemu yaposa sukulu, ntchito ndi abale, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Ntchito za tsiku ndi tsiku zimene magemu amapereka, zotha nthawi ukapanda kulowa, sizidziwa kuti ino ndi nyengo yopalira kapena ya mayeso.

Pamene pali malire

Ndikayeza zonsezi, sindikuona kuti yankho ndi kulanda foni. Kukweza khadi posewera ndi masewero abwino, ofuna nzeru ndi kupirira, ndipo mwana wa kumudzi ali ndi ufulu wosangalala monga wina aliyense. Vuto limayamba pa mfundo ziwiri: pamene munthu wayamba kulipira chinthu chosaoneka m'kati, ndi pamene wayamba kuona khadi ngati chuma. Khadi si chuma. Metikali iliyonse yolowa m'gemu iwerengedwe ngati yolipirira chisangalalo cha tsikulo, yosabwereranso.

Kwa achinyamata, malangizo ndi ochepa. Sankhani osewera awiri kapena atatu ogwirizana ndi kaseweredwe kanu, muwakweze amenewo, osathamangira khadi lililonse latsopano. Paketi yotseka musaigule ndi ndalama zenizeni. Dziikireni malire a mamega pa sabata musadayambe, osati mutatenthedwa kale. Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha.

Kwa inu makolo, atsibweni ndi aphunzitsi, kukalipa kokha sikuthandiza, chifukwa mwana amangobisa. Mufunseni akuonetseni timu yake, akufotokozereni mmene adakwezera wosewera uyu ndi zimene zidalowapo. Mukatero mudziwa ngati akugwiritsa ntchito luso kapena ndalama, ndipo iye aona kuti mukulemekeza zimene amakonda. Aphunzitsi a masamu ali ndi chitsanzo chokonzeka kale: mwayi wosakwana 1 pa 100 ukutanthauza chiyani kwa munthu wogula mapaketi khumi? Mwana amene wawerengera yekha yankho limenelo savuta kumuchenjeza za kubetcha.

Akuluakulu opanga malamulo nawonso ali ndi gawo. Mayiko ena adakambirana kale ngati mapaketi otere ayenera kugulitsidwa kwa ana. Dziko la Mozambique, limene anthu ake ambiri ndi achinyamata, siliyenera kudikira kuti vuto likule kaye.

Chomaliza n'chakuti chidwi chimene magemuwa adzutsa chikhoza kutumikira mpira weniweni. União Desportiva do Songo, kalabu ya m'chigawo cha Tete, idatenga ligi ya dziko lino ya Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022, umboni wakuti ukatswiri ungachokere kuno. Ligi imeneyi mulibe m'gemu ya EA, ndipo osewera ake sakwezedwa ndi makoini, koma ndi mabwalo, mipira, nsapato ndi aphunzitsi. Mnyamata amene waphunzira pa foni kuona mphamvu ndi zofooka za wosewera, ndi kukonza timu ndi zochepa zimene ali nazo, ali ndi nzeru zimene timu ya sukulu kapena ya mudzi ku Chiputo ikuzifuna. Anyamata khumi atasonkha theka la ndalama zimene amagulira mamega a gemu pa miyezi ingapo, angathe kugula mpira wachikopa umene onse angasewere, ndipo palibe kampani imene ingawalande.